Mapulogalamu Akale Tiwamangire Malo M'makina Atsopano

A Tcheyamani a mwambo uno, oimira mafumu athu a Akunda, bwana DC, akuluakulu a ku ofesi ya maphunziro ya boma lino la Mambwe, aphunzitsi aakulu, aphunzitsi a makompyuta amene mukumaliza maphunziro anu lero, makolo ndi ana a sukulu, ndikupatsani ulemu nonse. Ena mwachokera ku Msoro, ena ku Malama, ena ku Nsefu, ndipo misewu yake tonse tikuidziwa.

Ndaima pano kuti nditeteze phunziro limene ena angalione ngati laling'ono pa zonse mwaphunzira, lija la chroot. Mfundo yanga ndi imodzi. M'boma ngati lathu, pulogalamu ya pakompyuta siifa chifukwa chakuti yaleka kugwira ntchito yake. Imafa chifukwa makampani akutali aleka kuikonzera malo m'makina atsopano, ndipo ngati palibe munthu wa kuno wodziwa kuikonzera malowo, timataya chinthu chamoyo. Onani mmene zakhala zikuyendera. Intel inatulutsa purosesa ya 80386 mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri mapulogalamu ambiri a m'maofesi ndi m'sukulu analembedwera mtundu umenewu wa 32-bit. Mu 2003 AMD inabweretsa mapurosesa a 64-bit, chifukwa akale aja sankatha kuloza memore yoposa magigabaiti 4 mwachindunji. Kuchokera pamenepo zitseko zakhala zikutsekedwa chimodzichimodzi. Apple inaleka kuyendetsa mapulogalamu a 32-bit mu 2019. Windows 11 ya 2021 imalowa m'makina a 64-bit okhaokha, ndipo Windows 10 inasiya kulandira chithandizo chanthawi zonse pa 14 October 2025. Ngakhale Debian, mtundu wa Linux umene umadziwika ndi kuleza mtima pa makina akale, potulutsa Debian 13 mu August 2025 inaleka kupereka njira yoikira dongosolo lonse pa makina a 32-bit a mtundu wa i386, n'kungosiya zigawo zoyendetsera mapulogalamu akale pa makina a 64-bit. Zigamulo zonsezi zinapangidwa popanda wofunsa mphunzitsi wa ku Jumbe kapena kalaliki wa pachipatala chaching'ono cha kumudzi, koma woyamba kumva kuwawa kwake ndi iyeyo.

Kuwawako kumaoneka motere. Mphunzitsi wakopera pulogalamu yakale yowerengera malikisi kapena yophunzitsira kutayipa pa kompyuta yatsopano ya Linux. Fayilo ikuoneka ndi maso, dzina lake lili pomwepo, koma akailamula kuti iyambe, makina akuyankha kuti "No such file or directory", kunena kuti fayiloyo kulibe. Wosadziwa amaganiza kuti fulashi ili ndi kachilombo, ena amati pulogalamu yawonongeka, n'kuifufuta. Chikhalirecho chimene chikusowa si pulogalamuyo. Ndi kafayilo kena kotchedwa ld-linux.so.2, kamene kamasonkhanitsa zigawo zimene pulogalamu ya 32-bit imadalira isanayambe. Purosesa ya 64-bit ya Intel kapena AMD imamva bwinobwino malamulo a 32-bit, siinaiwale. Chasowa ndi ziwiya zimene pulogalamuyo inazolowera.

Apa ndi pamene chroot imalowera. Si chinthu chatsopano: inabwera mu Unix ku Bell Labs mu 1979, zaka 12 Linux isanabadwe. Ntchito yake ndi kutenga foda imodzi n'kuuza pulogalamu kuti dziko lake lonse layambira ndi kuthera mmenemo. Kwa makolo amene muli pano, ganizirani za mwana amene wamanga nyumba ya malata koma agogo akuwamangira kuka kwawo pabwalo pomwepo. Agogo ali ndi miphika yawo, mthiko wawo ndi mphasa yawo, amaphika monga anazolowera, koma madzi amatunga pachitsime chimodzi ndi banja lonse. Chitsimecho ndi kernel, mtima wa dongosolo, umene pulogalamu yakale ndi yatsopano zimagwiritsa ntchito limodzi. Kamangidwe kake aphunzitsi mwakaona ndi manja anu. Mumatsegula foda, tinene /srv/zakale, n'kulamula debootstrap kuti ikokeremo Debian yaing'ono ya i386. Mumalumikiza /proc, /sys ndi /dev kuti za m'katimo zione zipangizo za makina, mumakopera resolv.conf ngati mukufuna intaneti, kenako mumalowa ndi linux32 chroot kuti pulogalamu ikafunsa iuzidwe kuti ili pa makina a 32-bit. Ndi schroot, ngakhale mwana wa sukulu wopanda mphamvu za root atha kulowamo popanda kupatsidwa makiyi a makina onse. Ndipo chondisangalatsa kwambiri n'chakuti foda imeneyi, ya mamegabaiti mazana ochepa chabe, ikamangidwa kamodzi pamalo pamene netiweki ikugwira bwino monga ku Mfuwe, mukhoza kuimanga mtolo ndi tar, kuiika pa fulashi, n'kuipititsa kusukulu ina iliyonse popanda kugulanso mabandulo.

Wina anena kuti, bwanji osangogula makompyuta ndi mapulogalamu atsopano n'kusiya kuvutika ndi zakale? Funsoli n'labwino, ndipo kumene ndalama zilipo, gulani. Koma tikumbukire 2015, chaka chimene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a Computer Studies m'dziko muno. M'sukulu zambiri makompyuta anali ochepa kwambiri moti ana analemba mosinthana mpaka usiku. Kuyambira 2022 maphunziro aulere adzaza makalasi kuposa kale, ndipo chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba tinaona magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku. Boma limene lili ndi ana ochuluka, makina ochepa ndi magetsi osadalirika silingakwanitse kutaya pulogalamu yogwira ntchito chifukwa chakuti yakalamba. Komanso kugula makina atsopano sikuthetsa vutoli, ndiko kumaliyambitsa, pakuti ndi pa makina atsopanowo pamene pulogalamu yakale imakana kudzuka. M'kati mwa pulogalamuyo mumakhala kaundula wa ana, wa odwala kapena wa katundu wa zaka zambiri, wolembedwa m'njira imene pulogalamu yokhayo imatha kuwerenga.

Wina anenanso kuti mapulogalamu ambiri amene tili nawo ndi a Windows, osati a Linux. N'zoona, ndipo chroot payokha siingayendetse pulogalamu ya Windows. Koma pulogalamu yotchedwa Wine ya 32-bit ikaikidwa m'kati mwa chroot imadzutsa ambiri a iwo, ngakhale si onse. Amene akana amafuna makina oyerekezera athunthu monga VirtualBox, ndipo pamenepo pamafunika memore yambiri, chifukwa mukuyendetsa madongosolo awiri nthawi imodzi. Pa kompyuta ya magigabaiti 2 kapena 4, m'kalasi la mwezi wa October pamene kutentha kuno kuchigwa kumapitirira madigiri 40 ndipo fani ya makina ikulira ngati ithyoka, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Chroot siiwonjezera katundu wotero. Pokhapokha pulogalamu ikakhala ya purosesa ya mtundu wina kotheratu, monga ARM kapena PowerPC, m'pamene mumaitana QEMU kuti izimasulira malamulo, ndipo liwiro limatsika ndithu.

Chotsutsa cholemera koposa ndi cha chitetezo, ndipo sindichipeputsa. Chroot si mpanda. Munthu amene ali ndi mphamvu za root m'katimo atha kutulukamo, n'chifukwa chake akatswiri anadzapanga njira zolimba monga jail ya FreeBSD mu 2000 ndi Docker mu 2013. Pulogalamu imene mwini wake analeka kuikonza imakhala ndi mabowo amene sadzatsekedwanso. Yankho lake si kuthawa chroot koma kuigwiritsa ntchito mwa mwambo: musayendetse pulogalamu yakale ngati root, musaitsegulire intaneti ngati siikufunika, ndipo mbiri ya odwala kapena ya ana isakhale pa makina amene aliyense amabayapo fulashi yake. Palinso malire a nthawi. Mapulogalamu ambiri a 32-bit amawerenga masekondi kuchokera pa 1 January 1970, ndipo nambala yake idzadzaza pa 19 January 2038. Mwana amene ali mu Giredi 1 chaka chino adzakhala asanafike zaka makumi awiri. Choncho chroot ikutipatsa zaka zosamutsira zolembedwa zathu mwadongosolo kupita ku mafayilo amene pulogalamu iliyonse ingawerenge, ndipo ntchito yosamutsayo iyambe tsopano pamene pulogalamu yakale ikadatseguka.

Pa makina akale enieniwo, amene ali m'masitolo a sukulu zathu atafunda fumbi, ndikupemphani kuti musaweruze ndi maso. Ambiri amene anabwera ndi Windows ya 32-bit ali ndi purosesa ya 64-bit m'kati, makamaka a Core 2 kuyambira 2006 kupita m'tsogolo. Lamulo la lscpu likuuzani m'sekondi imodzi. Amene ali a 32-bit enieni, monga Pentium 4 zoyambirira ndi timalaputopu ta Atom N270, chroot siingawasandutse atsopano, koma Debian 12 idzalandirabe zokonza za chitetezo mpaka June 2028, ndipo kuphunzitsira kutayipa ndi masipuredishiti akukwanira.

Kwa akuluakulu a maphunziro, pempho langa ndi ili. Sukulu iliyonse ilembe makina amene ili nawo, mtundu wa purosesa yake, ndi mapulogalamu amene ntchito ingaime atasowa. Chroot imodzi yoyesedwa bwino isungidwe ku ofesi ya boma ndi kumalo ophunzirira aphunzitsi a m'zoni iliyonse, pamodzi ndi pepala la malangizo m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, kuti mphunzitsi akasamutsidwa luso lisapite naye. Ndipo inu aphunzitsi, musabise ntchito imeneyi kwa ana. Aloleni aone uthenga wokana uja, afufuze chimene chasowa, amange foda yawo, alakwitse n'kuyambiranso, pakuti kufufuta chroot yolakwika sikuwononga makina malinga mwayamba mwamasula /dev ndi zinzake zija. Chenjezo limenelo lilembeni pakhoma la labu ndi zilembo zazikulu.

A Tcheyamani, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti maphunziro a aphunzitsi athu a makompyuta atsekedwa, ndipo ndikuitana woyamba kuti abwere adzalandire satifiketi yake.