Banga Lisajombetse Mwana Kusukulu



Nkhani yanga ikuoneka yaing'ono, koma imakhudza thumba la kholo lililonse. Kuyambira 1994 maphunziro a pulayimale ndi aulere, koma malaya a yunifolomu timagula ndife. Malayawo akathimbirira, mwana amachita manyazi pakati pa anzake, nayamba kujomba.

Banga lililonse lili ndi kachotsedwe kake. La magazi, mwana akagwa kapena akatuluka kamfuno, liviikeni msanga m'madzi ozizira amchere, pakuti madzi otentha amalikhwimitsa. La inki ya bolopeni, yalani kansalu koyera kunsi kwake, dontheretsanipo sipiriti, n'kumasindikiza pang'onopang'ono osakhula, kuopa kuliwanditsa. La dzimbiri lochokera pa waya woyanikira, finyiranipo ndimu, wazanipo mchere, muyanike padzuwa. Matope a katondo asiyeni aume, muwakutumule, kenaka muviike malayawo m'madzi asopo. Litsiro la pakolala lipakeni sopo wamtanda madzulo, muchape m'mawa.

Jik ndi wa malaya oyera okha. Abuluu kapena obiriwira amawasukulutsa. Musamusakanize ndi ndimu kapena viniga, chifukwa amatulutsa mpweya woopsa, ndipo muzimusunga patali ndi ana.

Koposa zonse, musasite malaya banga lisanachoke. Moto wa simbi umalikhazikitsa mu ulusi, ndipo silichokanso.

Pempho langa ndi ili: mwana akaweruka, yang'anani malaya ake tsiku lomwelo, osadikira Loweruka. Mukatero, ndalama yogulira malaya atsopano idzagula makope.