Utuchi wa makina opalira matabwa uzikhala ndi njira yake



Mlendo wanu wa lero akuthokoza chifukwa chomuitana. Waona mipando, zitseko ndi makabati amene ophunzira otsiriza maphunziro a ukalipentala apanga, ndipo mawu ake akhala pa makina amodzi amene matabwa onsewa adutsamo: aja amameza thabwa lokhakhala mbali ino n'kulitulutsa mbali inayo losalala, lofanana makulidwe ponseponse.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Kalipentala wolira makina opalira waliranso utuchi. Macheka amadya kamzere kochepa, koma makinawa amasenda nkhope yonse ya thabwa, ndipo pakangopita kanthawi mulu umakhala wafika m'mawondo. Amene anayendapo m'mashedi a ku Mchesi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre amaidziwa bwino milu imeneyi.

Woyamba kulira ndi thabwa lenilenilo. Utuchi ukasowa potulukira umabwerera pansi pa mipeni, chogudubuza chotulutsa thabwa n'kuudinda pa nkhope yomwe yangopalidwa kumene. Pamatsala timaenje timene kasitomala amationa vanishi akangopakidwa. Paini wa ku Chikangawa ali ndi utomoni, ndipo utomoniwo ukasakanikirana ndi utuchi umamatirira pa zogudubuza. Thabwa limayamba kuterereka, limaima pakati, mipeni n'kusiya mzere wopserera.

Ambiri amayesa kuthana ndi vutoli polumikiza kamakina koyamwira fumbi ka m'nyumba, ka payipi yopyapyala. Kamakinako kamayamwa mwamphamvu koma kamasuntha mpweya wochepa, pamene makina opalira amafuna mpweya wambiri. Ngakhale ang'onoang'ono, opala thabwa la mamilimita 330 m'lifupi, amafuna pafupifupi makyubiki mita 700 a mpweya pa ola, ndipo mpweyawo uzithamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi kuti utuchi usagone m'njira. Masamu ake ndi apafupi: khomo la payipi ya mamilimita 100 ndi lalikulu kanayi kuposa la payipi ya mamilimita 50. Wolumikiza yopyapyala watseka magawo atatu mwa anayi a njira makina asanalire n'komwe.

Payipi yaikuluyo ikhalenso yaifupi ndi yowongoka. Payipi yofewa, yamakwinya m'kati, imabweza mpweya kuposa yosalala, choncho iikidwe kachidutswa kochepa kolumikizira basi. Pokhota pakhale pang'onopang'ono. Chivindikiro cha pamwamba pa mipeni chikhale chokwana bwino, mipata yake yomatidwa, chifukwa mpata uliwonse umaba mpweya umene ukanakoka utuchi.

Chida chimene chimasintha zinthu kwambiri n'chotchipa: mgolo wa malita 200 woikidwa pakati pa makina opalira ndi fani yokoka utuchi. Payipi imalowa chammbali, mpweya n'kumazungulira m'kati. Utuchi wolemera umagwera pansi, mpweya n'kutulukira pakati pa chivindikiro kupita ku fani. Mmisiri wina wa ku America, Phil Thien, anatchuka ndi kathabwa kozungulira kokhala ndi mpata m'mphepete, koikidwa pansi pa chivindikirocho kuti utuchi wogwa usanyamukenso. Kalipentala aliyense angakadule pa zotsalira za pulayiwudi. Mgolo ukakhalapo, fani sitsamwa, thumba la fani lolandira utuchi silidzaza msanga, ndipo mfundo ya thabwa ikathothoka simenya mapiko a fani. Chofunika n'chakuti chivindikiro chitseke ndithu, ndipo mgolo ukhuthulidwe usanadzaze.

Zina zili m'manja mwa wopalayo. Thabwa lauwisi limatulutsa utuchi wautali, wonyowa, wopiringizana pakhomo la payipi, choncho liyambe lauma. Mipeni yobuntha imang'amba m'malo mosenda. Kupala milimita imodzi kapena awiri ulendo uliwonse kumapatsa payipi mpata, pamene kudya kwambiri kamodzi kumaitsamwitsa.

Payipi ikatsamwa, dzanja lisalowe m'chivindikiro cha pamwamba pa mipeni pulagi ili pakhoma. Izi n'zofunika kwambiri kuno kumene magetsi amazima n'kuyaka mosachenjeza. Makina a swichi wamba akasiyidwa chiyatsire amadzuka okha magetsi akabwera. Pali maswichi amene amadzizimitsa magetsi akathima ndipo sayakanso mpaka munthu atadina. Shedi iliyonse ifunika otero.

Utuchi wooneka ndi maso umawononga thabwa, koma fumbi losalala, louluka m'mwamba, limawononga munthu. Ku High Wycombe ku England, tawuni yotchuka ndi kupanga mipando, dokotala wa mphuno ndi mmero, Esme Hadfield, anazindikira kuti khansa ina ya m'mphuno yosowa kwambiri inkapezeka kawirikawiri mwa opanga mipando. Nkhaniyi inafalitsidwa kwa madokotala mu 1965, ndipo mu 1995 bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Chiopsezo chachikulu chili pa mitengo yolimba, gulu limene muli mbawa ndi mlombwa. Ku Britain bungwe la Health and Safety Executive limati makalipentala amadwala mphumu kanayi kuposa antchito ena, ndipo malire a kumeneko ndi mamiligalamu 3 a fumbi la mitengo yolimba pa kyubiki mita ya mpweya, ndi 5 a mitengo yofewa monga paini.

N'chifukwa chake thumba la nsalu wamba silikwanira. Limagwira zazikulu, fumbi losalala n'kudutsa kubwerera m'shedi. Kumene kuli malo, fani ndi thumba zikhale panja, pansi pa denga, kutali ndi mawindo a anansi. Wopala avale masiki yogwira fumbi yokwana bwino kumaso, pakuti kansalu komanga pamphuno sikaletsa fumbi lotere. Posesa awaze timadzi, ndipo asapemerere makina ndi mpweya wa kompuresa. Lamulo la dziko lino la mu 1997 lokhudza chitetezo ndi umoyo wa antchito linaika udindo umenewu pa mwini ntchito, ndipo ambiri mwa achinyamatawa mawa lino akhala eni ntchito.

Utuchi wotoleredwa mu mgolo ndi malondanso. Oweta nkhuku amaufuna woyala m'khola, ndipo amakonda wouma, wopanda mchenga ndi misomali. Ena amaphikira pa mbaula za utuchi. Wa matabwa othiridwa mankhwala oteteza ku chiswe upatulidwe, usapite kukhola kapena kumoto. Mulu wosiyidwa pafupi ndi mota yotentha umangodikira kamoto kamodzi.

Mapempho ali atatu. Kwa aphunzitsi ndi a TEVETA, amene akhala akuyang'anira maphunziro a luso la manja kuyambira 1999: kulumikiza payipi ndi kupanga mgolo wolekanitsa utuchi kuziyesedwa pa mayeso monga momwe kunola mipeni kumayesedwera. Kwa mabungwe ndi akufuna kwabwino amene amagulira achinyamata zida: mtengo wa fani, payipi ya mamilimita 100 ndi mamasiki uzilowa m'bajeti imodzi ndi makina opalira. Kwa ophunzira amene mukutuluka lero: shedi yanu yoyamba ikhale ndi mgolo wake kuyambira tsiku lotsegulira, ndipo mnyamata woyamba amene mudzamulembe ntchito mudzamuonetse pozulira pulagi asanagwire thabwa.

Makolo, mwagwira ntchito yaikulu powalipirira ana awa. Wapampando, mlendo wanu ndi wokonzeka tsopano kupereka masatifiketi.