NYUMBA NDI MAGETSI: MAU A KWA ANTHU A KU MIDZI



Ndabwera kudzakamba nanu za zinthu ziwiri zimene anthu ambiri ayesa kuti nzosiyana, ndizo nyumba ndi magetsi. Ine nditi ndi nkhani imodzi.

Tidziwa tonse kuti munthu akafuna nyumba yabwino amaumba njerwa, nazitentha pa uvuni. Koma uvuni umadya mitengo yambiri, ndiponso ikuluikulu, pakuti tinkhuni tating'ono sitipsereza njerwa. Tsono phiri likatsala lambee, mvula imakokolola dothi kunka nalo ku mitsinje, ndipo mitsinje yambiri imakathira mu Shire. Kumeneko ndiko kuli makina a magetsi a ku Nkula, amene anayamba ntchito mu 1966, ndi a ku Tedzani ndi ku Kapichira. Matope ndi zinyalala zikadzaza m'madamu, makina sayenda bwino, ndipo magetsi amachepa m'dziko lonse. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo magetsi anavuta kopitirira chaka.

Chifukwa chake mu 2018 Boma linaletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za Boma ndi nyumba zazikulu za malonda. Ena anadandaula kuti simenti njodula, ndipo sananame. Koma iripo njira ya pakati. Dothi la pamudzi pomwepo mulisefa, mulisakaniza ndi simenti pang'ono, nkulipanikiza m'makina a manja. Njerwa zake muziunjika pamthunzi ndi kumazithirira madzi, ziuma zokha popanda moto. Munthu mmodzi sangagule makinawo, koma mudzi kapena sukulu ingathe.

Nanga magetsi? Si midzi yonse imene nthambo za ESCOM zidzafikako msanga. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, madzi a mtsinje wa Lichenya amayendetsa makina ang'ono, ndipo chipatala, sukulu ndi nyumba za anthu ziri ndi magetsi. Anthu amalipiratu monga agulira mayunitsi a foni. Ku Sitolo, m'boma la Mchinji, magetsi awo ngochokera ku dzuwa. Kumene kulibe mtsinje wotsika m'phiri, dzuwa liripo.

Tsono tamvani mbali ya Khonsolo. Lamulo la maboma ang'ono la mu 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu yokonza chitukuko cha m'boma lao. Pempho liyambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, lipita ku komiti ya dera la a T/A, ADC, ndipo likafika ku Khonsolo, kumene kuli makhansala anu ndi Bwana DC. Chimene sichinalembedwe m'ndondomeko ya boma lanu sichipeza ndalama msanga, ngakhale muchidandaule chotani pa maliro kapena pa bawo.

Motero pa msonkhano wa VDC musangoti "tifuna chitukuko." Nenani chinthu chenicheni: makina oumbira njerwa, nyumba ya mphunzitsi, kapena sola ya pa chipinda cha amayi oyembekezera, kuti azamba aleke kubereketsa ndi tochi. Nenaninso chimene mudzi udzapereka, kaya mchenga, miyala kapena manja, ndi amene adzasunga ndalama yogulira batire lina, chifukwa batire limatha patapita zaka zingapo, ndipo sola zambiri zinafera pamenepo.

Inu aphunzitsi, thandizani mafumu kulemba pempholi bwinobwino, ndipo kalata ina itsale kwa mlembi wa komiti, kuti khansala akabwera mudzamfunse pamene lafika.