KALIYALA, THUMBA NDI MALEGENI: MAWU A MKONZI WA NJINGA PA MSONKHANO WA KALABU



A komiti anandipempha kuti ndiyankhule za njinga popeza ntchito yanga ndi yokonza njinga kuno ku Ulongwe. Iwo anati pa pulogalamu ya ulimi takambirana mokwanira za mbewu, za feteleza ndi za chiwawu cha mbatata, koma palibe amene anakambapo za m'mene mbatatayo imafikira pa msika. Kulima ndi miyezi inayi, ulendo wa ku msika ndi maola atatu, koma ambiri mwa ife ndalama timaitayira m'maola atatuwo. Nkhani yanga ili pamenepo.

Ndiyambe ndi chimene ndimachiona tsiku ndi tsiku. Mwa njinga zimene zimabwera kwa ine zitapindika limu kapena zitathyoka ekiselo, zambiri katundu wake sanali woposa wa anzawo ayi. Anthu awiri atha kunyamula matumba awiri awiri a makilo 50, msewu womwewo, njinga za mtundu umodzi. Wina akafika ku Kalomwe nagulitsa, winayo n'kubwera kwa ine atasenza wilo pamutu. Kusiyana kwawo ndi malo amene katunduyo anakhala pa njinga. Mukatuluka muno mutagwira chimenechi chokha, ine ndikhutira.

Akuluakulu muno mukukumbukira m'mene tinabwererera kuchokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ng'ombe zinali zitatha, ngolo kunalibe, milatho ina ili pansi. Chimene chinanyamula malata oyamba, mbewu yoyamba ndi odwala athu chinali njinga: Hero, Avon, Phoenix, Atlas. Atlas ija fakitale yake yomaliza ku India inatsekedwa mu 2020, koma zina mwa njinga zake zikuyendabe m'midzi mwathu muno. Lero njinga zamoto zachuluka, inde, koma zimamwa petulo, ndipo petuloyo amadya phindu la thumba lisanagulitsidwe. Njinga yakapalasa imangofuna nsima m'mimba mwa mwini wake.

Komatu amene anapanga njinga zimenezi sankaganiza za mbatata ya ku Angonia. Kaliyala imene imabwera ndi njinga kuchokera ku sitolo, ya kasipuling'i pamwamba ija, ndi ya chikwama cha sukulu. Mukaika thumba la chimanga pamenepo imakhota tsiku lomwelo. N'chifukwa chake tonse timathamangira kwa owotcherera kukapangitsa ya zitsulo zomangira nyumba, ndipo n'koyenera. Koma apa ndi pamene vuto limayambira, chifukwa aliyense amauza wowotcherera kuti, "Mutalikitse kumbuyoko, ndizinyamula zambiri."

Taonani njinga ndabwera nayoyi. Apa pakati pa wilo lakumbuyo pali ekiselo. Chilichonse chimene chakhala kutsogolo kwa ekiselo, mawilo onse awiri amagawana. Chimene chakhala kumbuyo kwake chimakhala ngati mwana wakhala kunsonga kwa thabwa lotsamira pa mwala: mbali inayo imadzuka. Mbali yodzukayo ndi wilo lakutsogolo, limene mumawongolera nalo. N'chifukwa chake mumaona munthu pa chitunda njinga itaimirira ngati mbuzi yofuna masamba, iye akulendewera pa handulo. Pa chitunda timaseka. Pa mtsetse palibe choseketsa, chifukwa wilo lopepuka siligwira pansi. Mukakhotetsa handulo pa miyala, njinga imangopitirira kumene ikufuna yokha.

Ndiye kaliyala yabwino isapitirire kwambiri kumbuyo kwa wilo. Ngati mukufuna malo ambiri, ikulitseni m'mbali pang'ono, ndipo thumba lolemera kuposa onse likhale lotsamira ku chishalo. Miyendo yake ikhale iwiri mbali iliyonse, wina wolunjika pa ekiselo, wina wopendekera, kuti zipange ngati phaso la denga. Miyendo yoima chilili yokhayokha imagwedera, ndipo kugwederako ndi kumene kumadula bawuti ya pansi pa chishalo. Chinanso, musalole kuti kaliyala aiwotcherere ku felemu. Paipi ya felemu ndi yopyapyala, moto umaifooketsa, ndipo pakapita miyezi imang'aluka pambali penipeni pa chowotchereracho. Mabawuti ndi okwanira. Amamasuka, inde, koma sipanala ilipo.

Tsopano kutalika. Thumba lachiwiri pamwamba pa loyamba, lachitatu pamwamba pa lachiwiri, mpaka wopalasa osaoneka kumbuyo. Amayi muno mukudziwa kusiyana kwa kusenza ndowa pamutu ndi kunyamula zigubu ziwiri m'manja poterera. Njinga nayo ndi chimodzimodzi. Katundu akakwera m'mwamba, kupendama pang'ono kokha kumakugwetsani, ndipo mwendo umodzi sungathe kuchirikiza makilo 100 atayamba kale kugwa.

Pano ndipatuke pang'ono. Nthawi ya chilimwe mumawaona alendo a ku Ulaya kapena a ku Joni akudutsa pa msewu wa tala uwu wochokera ku Mussacama kupita ku Kalomwe, pa njinga za mahandulo opindikira pansi, matayala onenepa pang'ono. Eni ake amazitcha gravel, kutanthauza kuti ndi za msewu wa miyala ndi fumbi ngati yathuyi. Ana amawathamangira, ife akulu timati anthu osowa chochita. Koma mmodzi akaima pa shedi yanga kupempha pampu, ine maso amakhala pa kamangidwe kake. Zolemera zonse, madzi, zitsulo, chakudya, amaziika m'kachikwama kosokedwa molingana ndi mpata wa pakati pa felemu, pakati penipeni pa njinga. Zikwama zina zimalendewera m'mbali mwa mawilo, pansi, kulemera kofanana uku ndi uku. Pamwamba amaikapo zopepuka zokha, zofunda ndi tenti. Kaliyala zawo zambiri n'zolembedwa kuti malire ndi makilo 25, katundu amene mwana wa sitandade 5 kuno amapita naye ku chigayo. Mphamvu tilibe chowasirira. Koma nzeru yoika cholemera pansi ndi pakati, imeneyo titengeko, n'njaulere.

Ndipo si ya azungu okha. Mu 1954 ku Vietnam, pa nkhondo ya ku Dien Bien Phu, anthu a kumeneko ankakweza mpunga ndi zida m'mapiri pa njinga wamba, makilo 200 ndi kuposa pa njinga imodzi. Matumba ankawapachika m'mbali zonse ziwiri za felemu. Sankakwerapo ayi. Ankamangirira ndodo ku handulo kuti aziwongolera akuyenda pambali, ina pa malo a chishalo yokankhira. Alimi ngati ife, mapiri ngati athu.

Kwathu kuno tingachite bwanji? Thumba limodzi la makilo 50 ligaweni m'matumba awiri, mumange kukamwa kwake pamodzi, muwagoneke pa kaliyala ngati pa msana wa bulu, lina uku lina uku. Kuti asakhudze masipoko, wowotcherera akuikireni kachitsulo kopingasa pa miyendo ya kaliyala, kapena mangani nsungwi ziwiri. Thumba lachiwiri ndiye ligone pamwamba mopingasa, lotsamira ku chishalo. Ngati ulendo wake ndi wokankha basi, monga potuluka ku dimba, lowetsani thumba lina pakati pa felemu. Muona nokha kuti mikono siitopa ngati kale. Amayi amene muli ndi njinga zopanda mtanda wapamwamba, dziwani kuti felemu yotere imanyumwa msanga ikalemedwa kumbuyo. Inu makamaka gawani katundu m'mbali ndipo musapitirire thumba limodzi.

Kodi malire ndi ati? Njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linapangira misewu ya ku Africa ndipo imagulitsidwa ku Malawi, kaliyala yake anailembera makilo 100. Imeneyo ndi njinga yopangidwira katundu. Tsono ngati iyo ikulekeza pa matumba awiri, Hero yanu ya zaka khumi ndi zisanu isamanyamule anayi. Ndikudziwa yankho lanu: maulendo awiri ndi masiku awiri, ndipo fera sidikira munthu. Zoona. Koma limu yatsopano ndi masipoko ake, mtengo wake mukuudziwa, ndipo tsiku limenelo ku fera simufikako n'komwe.

Za masipoko ndinene mwachidule. Wilo lakumbuyo likhale la masipoko onenepa. Imodzi ikaduka, anzake oyandikana nayo amasenza ntchito yake, ndipo mawa aduka awiri. Musanapakire, yendetsani sipanala pa masipoko ngati mukuimba kaligo. Imene ikulira mogonthera ndi yomasuka. Mpweya nawo popani wokwanira musanaike katundu. Chubu chikabooka mabowo awiri oyandikana ngati mano a njoka, si minga imeneyo, ndi limu imene yaluma chubu pa mwala chifukwa mpweya unachepa.

Malegeni. Dulani kuchokera ku chubu cha galimoto, otambalala ngati zala ziwiri, ndipo amene ayamba ming'alu atayeni, chifukwa legeni likaduka lili chikokere limapita kumaso. Mangani mopingasa ndi motalika, kenaka gwedezani njinga mwamphamvu. Katundu akasuntha payekha, masulani muyambirenso. Koma kumbukirani kuti mbatata ndi yamoyo. Legeni lothina pa thumba limasupula khungu, ndipo ogula a ku Tete ndi a ku Lizulu akaona mabala amatsitsa mtengo. Yalani udzu kapena chiguduli pa zitsulo za kaliyala ndi pansi pa legeni. Tomato ndiye m'dengu kapena m'bokosi basi, ndipo legeni ligwire dengulo, lisadutse pamwamba pa tomato.

Tsopano ndifike pa nkhani imene inandichititsa kuvomera kubwera kuno. Mabuleki. A wapampando, ndikadati titulukire panja tiyese njinga zonse zaimikidwa pa mtengo paja, theka lake mabuleki akutsogolo kulibe, ndipo zina kulibiretu onse. Anyamata amati buleki ndi patapata: kuponda tayala ndi phazi. Popanda katundu zimatheka. Ndi makilo 100 kumbuyo, potsetsereka kuchokera ku Domwe kapena ku mapiri a ku Tsangano, phazi silingaimitse kanthu. Ndipo ngakhale mabuleki alipo, awa a ndodo okoka pa limu yachitsulo, mvula ikagwa kapena mame a m'mawa akanyowetsa limu, amayamba aterera kaye asanagwire. Mu Juni ndi Julayi timanyamuka nkhungu ili tolo, zala zitauma ndi chisanu. Nthawi imeneyo ndi imene ndimalandira mafoloko opindikira m'mbuyo, ndipo eni ake ena sabwera okha, amatuma m'bale chifukwa iwo agonekedwa ku chipatala.

Mphira za mabuleki ndi chimodzi mwa zipangizo zotsika mtengo kwambiri pa njinga yonse. Gulani. Ndipo pa mtsetse waukulu tsikani, muyende pambali, manja onse pa mabuleki, chiuno chitatsamira thumba. Palibe manyazi pamenepo. Makolo, mwana amene mapazi ake safika pansi ali pa chishalo musamutume ndi thumba lathunthu, ngakhale atalimbikira yekha.

Pa tala pali mdani wina: magalimoto akuluakulu opita ku malire. Likamadutsa limakankha mphepo, kenaka n'kukukokerani kwa ilo, ndipo katundu wotambalala, makala, kabichi, malata, amagwira mphepoyo ngati chitenje pa chingwe. Mukalimva kumbuyo, tsikirani kudothi kumanzere, muime. Malata ndi matabwa amangidwe motsata njinga, asapingase msewu. Usiku thumba limabisa kagalasi kofiira ka kumbuyo, ndiye pachikani chonyezimira pa thumba penipenipo, ngakhale CD yakutha, ndi tochi kutsogolo.

Kaliyala yomweyi ndi imene imatengera mayi woyembekezera ku chipatala pakati pa usiku. Choncho popangitsa, uzani wowotcherera aike popondera mapazi mbali zonse, ndipo asalaze nsonga zonse zakuthwa. Wodwala asanakwere, onani kuti chitenje chakulungidwa bwino, chifukwa chikalowa m'masipoko wilo limaima nthawi yomweyo, nonse awiri pansi.

Chotsiriza ndi kachikwama aka mukukaona pakati pa felemu yangayi. Anandisokera telala wa pa msika kuchokera ku buluku lakutha la jinzi. Muli pampu, zigamba, guluu, sipanala ya 15 ya mawilo, kiyi wa masipoko, masipoko atatu ndi legeni lapadera. Sikalemera, sikasokoneza miyendo, ndipo malo a pa kaliyala onse amatsalira katundu. Ndikasiya pa tebulo apa kuti amayi a gulu losoka akaone muyeso wake.

A komiti andiuza kuti Loweruka la mawa lino tikumana pa bwalo la sukulu nthawi ya 8 koloko m'mawa. Aliyense abwere ndi njinga yake, thumba limodzi lodzaza ndi malegeni amene amagwiritsa ntchito masiku onse. Tidzamanga pamodzi, tidzayesa mabuleki pa kamtsetse ka kuseri kwa sukulu, ndipo a wailesi alonjeza kubwera ndi chojambulira mawu kuti anzathu a makalabu akutali adzamve nawo. Masipoko omasuka ndidzakunga ulere tsiku limenelo. Zipangizo zogula aliyense adzigulire.

A wapampando, ndaona manja awiri akwezedwa kumbuyoko. Tiyambe ndi amayi avala duku lobiriwirawo.