Madzi a m'botolo, madzi a pamjigo ndi ndalama za pakhomo panu

 Ndine mmodzi mwa ma aktivista a zaumoyo amene timayenda khomo ndi khomo. Lero tikambirane za madzi akumwa ndi zakumwa zina, komanso ndalama zimene zimathera pa zimenezi.

Masiku ano m'misika ndi m'mabaraka mwadzaza madzi a m'mabotolo. Paukwati kapena pamsonkhano, alendo olemekezeka amawaikira botolo patebulo, enafe timamwera kapu ya m'ndowa. Chifukwa cha zimenezi anthu ambiri ayamba kuganiza kuti madzi abwino ndi ogula okha, ndipo a pamjigo ndi a anthu osauka. Makolo ena amafunsa kuti, kodi kuti ana anga asatsekule m'mimba, ndiziwagulira madzi? Tisanayankhe, tiyambe tawerengetsa ndalama.

Mitengo imasiyana malo ndi malo, choncho inu muikepo mtengo wa kwanuko. Tiyerekeze kuti botolo laling'ono, la theka la lita, mukugula pa meticais 25. Chigubu chimene mumatungira madzi chimalowa malita 20. Kuti mudzaze chigubu chimenechi ndi mabotolo aang'ono aja pafunika mabotolo 40. Mabotolo 40 pa meticais 25 ndi meticais 1,000. Chigubu chimodzi chokha! Tsopano kumbukirani ndalama imene mumapereka potunga chigubu chomwecho pampopi, kapena imene mumasonkha pamwezi ku komiti ya mjigo. Kusiyana kwake mwakuona nokha.

Munthu wamkulu amafunika kumwa madzi pafupifupi malita 2 patsiku, ndipo akamalima padzuwa amafuna oposa pamenepo. Banja la anthu 6, akulu ndi ana, tinene kuti limamwa malita 10 patsiku. Amenewo ndi mabotolo 20, meticais 500 patsiku, meticais 15,000 pamwezi. Mabotolo aakulu amatsikako mtengo, komabe ndalamayo ikadali yochuluka. Ndani pakati pathu angaikwanitse? Ndiye chimachitika n'chakuti munthu amagula botolo limodzi pamsika, akafika kunyumba n'kumwa madzi a m'ndowa osatetezedwa. Ndalama yapita, matenda sanawapewe. Pogula botolo, gawo lalikulu la ndalama yanu limalipira pulasitiki, galimoto yonyamula, firiji ndi phindu la wogulitsa. Madzi enieniwo ndi kagawo kochepa.

Sindikunena kuti madzi a m'botolo ndi oipa. Botolo lochokera ku fakitale, lomatidwa bwino, limathandiza mukakhala paulendo wa pachapa, kapena pamene madzi osefukira alowa m'zitsime ndipo mulibe njira ina. Koma muziyang'ana chivindikiro. Potsekula, kamphete ka pakhosi kaziduka mukumva. Ngati kanaduka kale, ndiye kuti wina anatola botololo n'kuthiramo madzi amene inu simukudziwa kumene achokera. Chimodzimodzi madzi ozizira omanga m'timapepala tapulasitiki ndi mafilizesi amene ana amagula pasukulu. Kuzizira sikupha tizilombo. Ngati wopanga anatunga pachitsime chosatetezedwa, kapena anauzira kapepalako ndi pakamwa kuti katseguke, mwana wanu wagula matenda ndi ndalama yanu.

Nanga madzi a pampopi ndi a pamjigo ndi abwino? Madzi a pamjigo amachokera pansi patali, ndipo nthawi zambiri amatuluka ali abwino. Madzi a m'mipopi ya m'tauni amathiridwa mankhwala a klorini asanatumizidwe. Vuto limabwera m'njira. Paipi ikaphulika, kapena madzi akasiya kutuluka kwa masiku angapo, zonyansa zimatha kulowa m'paipimo. Mjigo umene simenti yake yang'ambika, kapena umene uli pafupi ndi chimbudzi ndi khola, umalowa madzi oipa nthawi ya mvula. N'chifukwa chake timati chimbudzi chizikhala kutali ndi chitsime, mamita 30 kapena kuposa, ndipo chizikhala cha kumunsi.

Koma malo amene madzi amaipira kwambiri ndi kuyambira pamjigo kufika pakamwa. Ndowa yosatsuka, masamba oika pamwamba kuti madzi asatayike, zala zolowa m'madzi posenza, kapu imodzi yomwera ndi yotungira, mtsuko wosavindikira umene nkhuku ndi ana amafikapo, zonsezi zimaipitsa madzi amene anatuluka ali abwino. Ndipo madzi kuoneka oyera sindiye kuti ndi abwino, pakuti tizilombo ta kolera ndi ta kamwazi sitioneka ndi maso. Madzi a mumtsinje, a m'dambo ndi a pachitsime chosavindikira, amenewo musamwe musanawateteze, ngakhale makolo athu ankamwa omwewo.

Pali njira zitatu zotetezera madzi pakhomo, ndipo zonse n'zotsika mtengo kuposa botolo.

Yoyamba ndi mankhwala a klorini. Kuno timawadziwa ndi dzina loti Certeza, ndipo amene mumagula zinthu kutsidya ku Malawi mumawadziwa kuti WaterGuard. Thirani kachivindikiro kamodzi m'chigubu cha malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30, kenaka imwani. Madzi akakhala a matope, yambani mwawasiya kuti adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera, ndipo muthire tizivindikiro tiwiri. Nthawi zonse onani zolembedwa pabotolo, kapena funsani wa zaumoyo, chifukwa mankhwala ena amabwera ngati mapiritsi ndipo muyezo wake ndi wina. Kabotolo kamodzi kamateteza zigubu makumi angapo. Kafungo kamene mumamvako sikoopsa. Kamangosonyeza kuti mankhwala alimo.

Pano ndiime pang'ono. M'Chipwitikizi, mankhwala aja amatchedwa cloro, ndipo matenda aja amatchedwa cólera. Mayinawa amamveka ngati amodzi. M'madera ena a Nampula ndi Zambézia, mphekesera yakuti a zaumoyo akubweretsa kolera inachititsa kuti anthu othira mankhwala m'zitsime amenyedwe, ena mpaka kuphedwa, matenda n'kupitirira kupha anthu. Abale anga, klorini ndi amene amapha tizilombo ta kolera. Mukamva mphekesera yotere m'mudzi, pitani kwa amfumu kapena kuchipatala mukafunse, musaifalitse.

Njira yachiwiri ndi kuwiritsa. Madzi abwate ndithu kwa mphindi imodzi yathunthu, osati kungotentha. Asiyeni azizire ali chivindikirire mumphika womwewo. Njira imeneyi ndi yodalirika, koma imadya nkhuni ndi makala, ndipo tonse tikudziwa mmene nkhuni zikusowera. Mukhoza kutereka madzi akumwa pamoto womwewo mukangophula nsima, moto usanazime.

Njira yachitatu ndi dzuwa, ndipo apa mabotolo otha aja amagwira ntchito. Tengani botolo lapulasitiki loonekera mkati, losapitirira malita 2, losakandika kwambiri. Litsukeni, chotsani chipepala chake, thiranimo madzi oyera, tsekani, ndipo muligoneke padenga la malata padzuwa kwa maola 6. Kukakhala mitambo, likhale masiku 2. Tsiku la mvula yosalekeza njirayi sigwira, ndipo sigwiranso pa madzi a matope.

Mukateteza madzi, asungeni m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono kapena mumtsuko wovindikira. Pakhale kapu imodzi ya chogwirira chachitali yotungira basi, yomwera ikhale ina. Chigubu muzichitsuka ndi sopo, ndipo musasungire madzi m'chigubu chimene munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a kumunda. Sambani m'manja ndi sopo kapena phulusa pochokera kuchimbudzi, mukasintha mwana thewera, musanaphike ndiponso musanadye. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe madzi aliwonse, ngakhale a m'botolo, ngakhale kutenthe chotani. Bere lokha limamukwanira.

Tsopano tikambe za refresko, zakumwa zotsekemera zija. Tiyerekeze kuti mumamwa botolo limodzi patsiku pa meticais 20. Pamwezi ndi meticais 600, pachaka ndi meticais 7,300. Ganizirani nokha kuti ndalama imeneyi ikadagula makope angati a ana, sopo wochuluka bwanji, kapena ikadathandiza bwanji pogula feteleza. Ndipo mtengo wake suthera pa ndalama. M'refresko zambiri, botolo limodzi laling'ono limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 a shuga patsiku, ndipo kuchepetsa kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Mukaphatikiza ndi shuga wa mu tiyi ndi wa m'phala, botolo limodzi lakupitiritsani kale. Shuga wochuluka amaboola mano, amanenepetsa mosayenera, ndipo amawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga, amene munthu amakhala nawo moyo wake wonse. Mwana akamwa refresko asanadye amakhuta, n'kukana nsima ndi ndiwo zimene zikadamukulitsa. Pa chikondwerero palibe amene akukuletsani. Chimene tikukana n'chakuti refresko ilowe m'malo mwa madzi.

Pali chizolowezi china chimene chikuvulaza ana. Mwana akatsekula m'mimba, achibale amabwera ndi refresko ngati mankhwala. Shuga wake ndi wochuluka, mchere wake ndi wochepa, ndipo ikhoza kuwonjezera kutsekulako. Chofunika ndi madzi a mchere ndi shuga, amene kuchipatala kuno amati SRO, kutsidya amati Thanzi. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Ngati paketi palibe, mu lita imodzi thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mwetsani pang'onopang'ono, pitirizani kuyamwitsa ndi kudyetsa, ndipo kuchipatala mukalandire mapiritsi a zinki, amene mwana amamwa masiku 10 mpaka 14. Ngati chimbudzi chili ndi magazi, kapena chikutuluka ngati madzi otsukira mpunga, kapena mwana walefuka, maso alowa, akukana kumwa, nyamukani nthawi yomweyo, madzi a SRO ali m'manja. Kolera imatha kupha munthu m'maola ochepa.

Thobwa ndi mahewu athu ndi abwino, amakhutitsa, ndipo ndalama yake imatsala m'mudzi. Koma nazonso zimafuna ukhondo. Madzi osungunulira thobwa akhale otetezedwa, ndipo makapu a pamsika asatsukidwe m'madzi amodzimodzi tsiku lonse. Ufa ukhale wouma bwino. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wa pombe pamaliro. Poyamba anthu ankanena za ndulu ya ng'ona, koma akatswiri atayeza anapeza kuti poizoni anachokera ku tizilombo timene tinamera mu ufa wa chimanga umene anafululira mowawo. Ufa umene wanyowa ndi kuwonongeka musaugwiritse ntchito pa mowa kapena pa thobwa pofuna kupulumutsa ndalama. Utayeni.

Mtengo waukulu kuposa yonse ndi wa matenda. Munthu akadwala, pamafunika ndalama ya njinga yamoto yopitira kuchipatala, chakudya cha wodwazika, ndipo munda umakhala osapalira pa nthawi imene udzu ukukula. Mwana amene amatsekula m'mimba kawirikawiri amapinimbira ndipo amajomba kusukulu. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023. Ku Malawi inapha anthu oposa 1,700. Kwathu kuno inayambira m'boma la Lago ku Niassa mu Seputembala 2022, inafika m'zigawo zina kuphatikizapo Tete, ndipo inakula kwambiri ku Quelimane pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Matenda sayima pa chipata cha malire kuti adinditse chiphaso. Timagula msika umodzi, timakwatirana, timapita kumaliro amodzi. Mukamva kuti kutsidya kwabuka kolera, yambani kuteteza madzi tsiku lomwelo.

Ndimalize ndi mawu kwa abambo ndi kwa akomiti a madzi. Abambo, nkhani ya madzi si ya amayi okha. Ndalama ya botolo limodzi la mowa kapena la refresko ikhoza kugula mankhwala otetezera madzi a banja lonse. Ndalama ya pamwezi ya mjigo muzipereka osanyinyirika, chifukwa mjigo ukafa chifukwa chosowa kamphira kotsika mtengo, mudzi wonse umabwerera kumtsinje. Inu akomiti, lembani m'kope ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, ndipo muziwerengera anthu pamsonkhano kuti asakayike. Mangani mpanda kuti ziweto zisafike pamjigo, ndipo konzani ngalande kuti madzi asadikhe.

Sabata ino chitani izi: tsukani chigubu, pezani chovindikira, patulani kapu yotungira, ndipo sankhani njira imodzi mwa zitatu zija imene mungaikwanitse tsiku lililonse. Amene muli ndi funso, mufunseni aktivista wa m'mudzi mwanu kapena anamwino pa tsiku la sikelo. Zimene mwamvazi mukawauzeko anzanu amene alibe wailesi.