Film noir: mafilimu a anthu amene ankadziona ochenjera

 Lero ndili ndekha pa maikolofoni, ndipo tikambirana za mtundu wina wa mafilimu umene umatchedwa film noir. Ndikudziwa, ena a inu mukangoona kuti filimu ndi ya black and white mumaidumpha pompo, mumati ndi ya agogo. Dikirani kaye, ndipatseniko mphindi zingapo.

Dzinali ndi la Chifalansa, tanthauzo lake ndi filimu yakuda. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mafilimu a ku America sankaonetsedwa ku France. Nkhondo itatha anafika ambiri nthawi imodzi, ndipo Afalansa anadabwa kuona kuti ena mwa iwo asintha. Misewu yonyowa usiku, utsi wa fodya, anthu onamizana, ndipo kumapeto palibe amene akumwetulira. Wolemba za mafilimu wina, Nino Frank, ndiye anagwiritsa ntchito dzinali m'chaka cha 1946. Amene ankapanga mafilimuwo ku Hollywood sankadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina. Iwo ankangoti akupanga mafilimu a zaupandu.

Ngati simunaonerepo ngakhale imodzi, yambani ndi Double Indemnity ya 1944, yopangidwa ndi Billy Wilder. Anthu ambiri amakutumizani ku The Maltese Falcon ya 1941, ya Humphrey Bogart, ndipo ndi yabwino ndithu, koma ine sindiyambira pamenepo. Bogart ndi ditekitivi, dolo kale, amadziwa zimene akuchita. Walter Neff wa mu Double Indemnity ndi munthu wamba, wogulitsa inshuwaransi khomo ndi khomo. Tsiku lina akupita kunyumba ya kasitomala kukakumbutsa za inshuwaransi ya galimoto, bamboyo kulibe, akupeza mkazi wake, Phyllis. Mayiyo akufunsa ngati n'kutheka kumulembetsa mwamuna wake inshuwaransi ya ngozi, mwini wakeyo osadziwa. Neff akumva bwino lomwe tanthauzo la funsolo, ndipo akutuluka m'nyumbamo. Koma pasanapite nthawi ali m'katikati mwa pulaniyo.

Sindikukuonongerani filimu ayi, chifukwa imayamba n'kuulula. Neff akulowa mu ofesi usiku, atawomberedwa paphewa, n'kuyamba kujambula mawu ake pa makina, kufotokoza kuti anapha munthu ndipo sanapindule kanthu. Ndiye funso la woonera si lakuti wapha ndani, koma kuti munthu wabwinobwino chonchi anafika bwanji pamenepa.

Apa ndi pamene filimuyi imandigwira, mwina chifukwa cha ntchito yanga ya makompyuta. Pa maphunziro a chitetezo amatiuza mobwerezabwereza kuti woopsa si mbava yakunja yokha imene ikuyesera mapasiwedi. Woopsanso ndi wa m'kati, amene ali ndi makiyi, amene amadziwa kuti alamu imalira nthawi yanji ndipo siilira nthawi yanji. Neff ndi ameneyo. Wagwira ntchito ya inshuwaransi zaka 11, waona achinyengo akugwidwa mmodzimmodzi, ndipo mumtima wakhala akuganiza kuti iye atati achite, sangagwidwe. Amadziwa kuti polisiyo ili ndi ndime yoti munthu akafa pa ngozi yosowa, monga ya sitima yapamtunda, ndalama imawirikiza kawiri: madola 50,000 amakhala 100,000. Anthu amakonda kunena kuti mkazi ndiye anamunyengerera, ndipo mu noir muli akazi ambiri otere, amene amatchedwa femme fatale. Ine ndimaona kuti Phyllis anangopeza chitseko chili chotsekula kale.

Ndipo chikondi chenicheni cha mu filimuyi, mukayang'anitsitsa, chili pakati pa Neff ndi mnzake wa ku ofesi, Barton Keyes, mdala wofufuza ma claim achinyengo. Keyes amanunkhiza bodza lili patali, koma la Neff sakuliona chifukwa munthuyo ndi amene amacheza naye tsiku ndi tsiku. Muone nkhani ya machesi. Filimu yonse Keyes amakhala alibe machesi, Neff ndiye amamuyatsira fodya. Mudzaone zimene zikuchitika ndi machesiwo pa chithunzi chomaliza, mudzandiuze.

Pali china chimene ambiri sadziwa, ndipo ife okhala kunja chiyenera kutikhudza. Mafilimu amenewa, ooneka Achimereka kwambiri, ambiri anapangidwa ndi obwera. Wilder anabadwira mu ufumu wa Austria-Hungary m'chaka cha 1906, anali Myuda, anathawa ku Berlin mu 1933 Hitler atatenga boma, n'kufika ku Hollywood Chingerezi chili chopereweza. Mayi ake anaphedwa ndi a Nazi. Fritz Lang, Robert Siodmak, Otto Preminger, onsewa anachokera ku Germany kapena ku Austria. Anabwera ndi kajambulidwe kawo ka mdima ndi zithunzithunzi, komanso ndi maso a mlendo. Mwini mudzi amaona Los Angeles ya dzuwa ndi mitengo ya kanjedza. Mlendo amaona zipinda za lendi, mabasi a usiku, ndi anthu amene akumwetulira chifukwa akufuna kukugulitsa kanthu. Amene munafika ku Johannesburg kapena ku London ndi chikwama chimodzi mukudziwa mzinda wachiwiriwu.

Nthawi imeneyo kunalinso malamulo otchedwa Hays Code, amene anayamba kukhwima mu 1934. Zachigololo zosaonetsa, ndipo wolakwa asapulumuke. Ndiye opanga mafilimu anaphunzira kulankhula mophiphiritsa, ngati mmene timachitira pamaso pa apongozi. Pamene bambo uja akuphedwa m'galimoto, kamera siikumuonetsa iye, ili pa nkhope ya Phyllis basi. Nkhope imeneyo imaopsa kuposa magazi onse a mafilimu a masiku ano.

Noir yakale amati inatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, koma mzimu wake sunafe. Chinatown ya 1974, ya Jack Nicholson, ndi nkhani ya anthu olemera akuba madzi a mzinda wonse, ndipo pamenepo Hays Code inali itatha, choncho musayembekezere kuti chilungamo chipambana. Blade Runner ya 1982 ndi noir imene yavala zovala za m'tsogolo. Memento ya 2000 imayenda chobwerera m'mbuyo. Zonsezi mungazipeze mosavuta.

Koma ndikufuna ndikusiyireni ziwiri zimene sizitchulidwa kawirikawiri. Yoyamba ndi Dirty Pretty Things ya 2002, ya Stephen Frears. Chiwetel Ejiofor akusewera ngati Okwe, dokotala wa ku Nigeria amene ali ku London wopanda mapepala. Masana akuyendetsa takisi, usiku ali pa risepushoni ya hotela, tulo sakuliona. Usiku wina akupeza mtima wa munthu utatseka chimbudzi cha m'chipinda china, ndipo sangapite kupolisi, pa chifukwa chimene inu nonse mukuchidziwa. M'hotelamo anthu akusinthanitsa impso ndi pasipoti yabodza. Okwe ndi wosiyana ndi Neff. Neff ali ndi makiyi onse ndipo akusankha kulakwa, Okwe alibe kiyi ngakhale imodzi ndipo akuyesetsa kuti asalakwe. Ena amati imeneyi si noir yeniyeni chifukwa munthu wake ndi wabwino mtima kwambiri. Ine ndimati mzinda wake ndi womwewo.

Yachiwiri ndi Viva Riva! ya 2010, ya Djo Tunda Wa Munga, yojambulidwa ku Kinshasa, yambiri m'Chilingala. Mumzinda mafuta asowa, mnyamata wafika ndi migolo ya petulo yobedwa ku Angola, ndipo akugwa m'chikondi ndi mkazi wa chigawenga. Amene munagonapo pa mzere wa pa filling station simudzafuna wokufotokozerani. Koma imeneyi musaonere ndi ana, kapena ndi amayi atabwera kudzacheza, ndakuchenjezani.

Amene mulibe ndalama ya kulipira ma streaming mwezi uno, sakani Detour ya 1945, ya Edgar G. Ulmer, nayenso wobwera. Ilibe mwini wa copyright, ili pa intaneti ulere, ndipo ndi ya ola limodzi ndi mphindi zochepa. Zimitsani magetsi, foni muiike kutali, ndipo yatsani ma subtitle, chifukwa Achimereka a nthawi imeneyo ankalankhula mothamanga zedi. Mukaonera mutilembere. Tikumana sabata yamawa.