Mlendo ndi Mame: Mau a Mlembi wa Nthambi pa Msonkhano wa pa Chinguluwe



Lero ndifuna kunena za sukulu ya nchito zamanja. Tsono ndiyambe ndi mbiri ya malo ano, pakuti ambiri a inu munabadwa zinthu zitachitika kale.

M'chaka cha 1968 Boma la West Germany linayamba kuthandiza Boma lathu pa nchito yotukula dera la m'mbali mwa nyanja kuno ku Salima. Sikimu ya thonje ya pano pa Chinguluwe inali mbali ya nchito imeneyo. Anthu anagawiridwa minda, alangizi anafika, ndipo alimi anaphunzira kulima ndi ng'ombe ndi kupopera thonje. Koma pulawo imatha mano, ngolo imathyoka, ndipo mlimi akagulitsa thonje amafuna nyumba yanjerwa, chitseko ndi mpando. Nanga akonze ndani? Ajeremani omwewo anathandizanso kumanga sukulu ya amisiri a kumudzi ku Senga Bay, imene inatchedwa Rural Trade School. Kumeneko anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga ndi nchito zazitsulo. Cholinga sichinali chakuti akafune nchito ku Blantyre ai, koma kuti abwerere kwao natsegule mashopu ao pakati pa alimi. Sukuluyo ndiyo imene lero tikuitcha Salima Technical College.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nzoona, ndipo tiyenera kuthokoza. Koma akuluakulu omwewo anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wothandiza amamanga makalasi, amabweretsa makina, kenaka amapakira katundu wache nabwerera kwao. Chotsala ndi ife. Ngati luso silinalowe m'manja mwa ana athu, tatsala ndi makoma chabe.

Musaganize kuti ndalama zophunzitsira amisiri ziri za alendo okha. M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA, ndipo olemba anthu nchito amapereka tambala imodzi pa kwacha iriyonse ya malipiro kuti luso liphunzitsidwe. M'chaka cha 2015 Boma linayambanso kutsegula makoleji a luso a m'madera, kuyambira pa Ngara ku Karonga. Zimenezi nzathu. Mwana wa pa Chinguluwe ali ndi gawo lache monga mwana wa mu Lilongwe.

Tsono vuto liri pati? Ndinene mosabisa, liri pa ife. Mnyamata amaphunzira, nabwera kumudzi ndi sowo ndi hamala. Inu amalume mumamuitana: "Mphwanga, tandikhomera chitseko." Akamaliza mumati, "Ndidzakuona ndikagulitsa thonje." Thonje ligulitsidwa, ndalama ithera kumowa, mwana sanaone ngakhale tambala. Azakhali nawo atero, mfumu nayo itero. Pakutha pa chaka alibe ndalama yogulira matabwa kapena misomali. Agulitsa zida zache, nakwera basi ya ku Johannesburg. Pamenepo ife timati sukulu ija njachabe. Kodi yalakwa ndi sukulu? Makolo athu anapita ku migodi ndi Wenela chifukwa cha msonkho wa Atsamunda. Ife tikuthamangitsa ana athu ndi ngongole za pachibale.

Chifukwa chache ndikupempha nthambi ino igwirizane pa zinthu zinai.

Choyamba, mmisiri alipidwe. Mukapangana mtengo, perekani theka poyamba kuti agulire zipangizo, theka lina nchito ikatha. Chibale chisakhale chodyera mwana.

Chachiwiri, nchito za pamudzi, monga madesiki a sukulu, denga la chalichi kapena la mzikiti, ndi kukonza mjigo, tiyambe tafunsa amisiri athu tisanaitane a kutali.

Chachitatu, asungwana asatsale. Dzanja logwira khasu tsiku lonse lingathe kugwiranso chipeni chomangira ndi makina owotcherera zitsulo. Amai a m'nthambi, nkhani iyi ndaisiya m'manja mwanu.

Chachinai, komiti ilembe maina a ana onse amene anamaliza Fomu 4 ndipo angokhala. Mafomu a maphunziro akalengezedwa tiwauze msanga, ndipo amene alibe ya ulendo timusonkhere. Mmisiri aliyense wa pano atengenso mwana mmodzi wosafika patali ndi sukulu, amuphunzitse pa shopu pache.

Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano wa mwezi wa mawa ndidzabwera ndi buku ndi pensulo, ndipo ndidzafunsa mudzi uliwonse maina ao. Amene ali ndi ngongole kwa mmisiri ayambe wabweza tisanakumane.